HR 6819: Mmene Zinadziwikira Kuti Mulibe Black Hole, Muli Nyenyezi Yosendedwa

Pa 6 Meyi 2020 bungwe la European Southern Observatory, lomwe mwachidule limatchedwa ESO, linalengeza kuti akatswiri ake apeza black hole (chinthu cha kuthambo chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) yoyandikana ndi dziko lathu kuposa zonse zodziwika. Linati ili mu HR 6819, kadontho ka kuwala ka m'gulu la nyenyezi la Telescopium, kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,000 kuti kufike kuno. Kadontho kameneka ife a ku Blantyre timatha kukaona ndi maso cha kum'mwera, kunja kukada bwino. Pa 2 Malichi 2022 bungwe lomwelo linabweranso n'kunena kuti black hole mulibemo.

Pakati pa masiku awiriwa palibe chipangizo chimene chinapezeka kuti chinali chakufa, ndipo manambala amene anayezedwa poyamba aja ndi olondola mpaka lero. Chinasokoneza ndi nambala imodzi imene sinayezedwe, inangotengedwa m'mabuku. Lipoti lino talembera aphunzitsi a fizikisi ndi ophunzira awo. Masamu ake onse amatheka ndi kakyuleta ya kusekondale, ndipo ndi bwino muziwachita nokha pamene mukuwerenga. Kulemera tiziyeza ndi dzuwa lathu: tikati madzuwa 5, ndiye kuti chinthucho chikulemera ngati madzuwa asanu pamodzi.

Zimene zinayezedwa

Telesikopu wamba, kaya ikule bwanji, imaonetsa HR 6819 ngati nyenyezi imodzi. Zonse zimene zinkadziwika zinachokera mu spectrum yake. Kuwala kwa nyenyezi kukadutsa m'chipangizo chomwaza mitundu kumayalika ngati utawaleza, ndipo mu utawalezawo mumakhala mizere yakuda pamalo odziwika: haidrojeni ali ndi wake pa 656.3 nm (nm ndi nanomita, muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala), hiliyamu ali ndi wake pa 447.1 nm, ndi ina yambirimbiri. Nyenyezi ikamabwera kuno mizereyo imasendera ku buluu, ikamachoka imasendera kofiira. N'chimodzimodzi ndi kulira kwa ambulansi pamsewu wa Chipembere: ikamabwera mawu ake amakhala okwera, ikangokudutsani amatsika.

Gulu la Thomas Rivinius linali ndi ma spectrum pafupifupi 50 ojambulidwa mu 1999 ndi mu 2004 ndi chipangizo cha FEROS ku La Silla, m'dziko la Chile. FEROS imasiyanitsa mitundu ya kuwala yotalikirana gawo limodzi mwa magawo 48,000, zomwe zikufanana ndi liwiro la makilomita 6 pa sekondi. Nambala imeneyi muisunge, ibweranso.

M'ma spectrum amenewa munali nyenyezi ziwiri zosakanikirana, zowala mofanana ndithu. Ina inali ndi mizere yopyapyala, yakuthwa, imene inkasendera uku ndi uku masiku 40.3 alionse, liwiro lake n'kumafika makilomita 61 pa sekondi mbali iliyonse. Imeneyi tiziitcha yothamanga. Inayo inali ya mtundu wa Be, nyenyezi yopota mofulumira kwambiri moti imataya mpweya wake n'kupanga chimbale chouzinga pamimba. Chimbalecho chimatulutsa mizere yowala m'malo mwa yakuda, makamaka pa 656.3 nm. Mizere ya nyenyezi ya Be inkaoneka kuti yangoima, osasuntha.

Masamu amene anabala black hole

Tikakhala ndi nthawi ya ulendo umodzi wozungulira, P, ndi liwiro, K, timapeza nambala yotchedwa mass function. Njira ya nyenyeziyi ndi yobulungira bwino, choncho timawerengera chonchi, K ali m'makilomita pa sekondi, P ali m'masiku:

f = 1.036 × 10⁻⁷ × K³ × P

Ikani K = 61.3 ndi P = 40.33, mupeza madzuwa 0.96. Imeneyi ndi nambala yoyezedwa ndipo palibe amene anaitsutsapo. Tanthauzo lake ndi ili:

f = M₂³ × sin³i ÷ (M₁ + M₂)²

M₁ ndi kulemera kwa nyenyezi yothamanga, M₂ ndi kulemera kwa chimene chikuikoka, ndipo i ndi kupendekeka kwa njirayo: madigiri 90 ngati tikuionera m'mphepete, 0 ngati tikuionera pamwamba ngati mbale ili pansi. Mzere umodzi wa masamu, zosadziwika zitatu. Kuti munthu apite patsogolo ayenera kubweretsa nambala ina kuchokera kunja.

Apa ndi pamene zinakhotera. Spectrum ya nyenyezi yothamanga inkafanana ndi ya mtundu wa B3 III, nyenyezi yotentha ya buluu imene yayamba kufufuma, ndipo mabuku amati nyenyezi yotere imalemera madzuwa 5 kapena kuposa. Ikani M₁ = 5 ndi i = 90, ndiye muyese manambala a M₂ mpaka mbali ziwiri zigwirizane: mufika pa 4.4. Njirayo ikakhala yopendekeka mwina, M₂ imangokulirakulira. N'chifukwa chake chilengezo chinati chinthucho n'cholemera madzuwa osachepera 4.

Nanga chinthucho n'chiyani? Nyenyezi wamba ya madzuwa 4 imawala kuposa dzuwa maulendo oposa 100, ndipo mizere yake ikanaoneka. Neutron star, phata lofinyika lotsala nyenyezi yaikulu ikaphulika, sifika pa kulemera kumeneko, imathera pansi pa madzuwa 3. Nyenyezi ya Be ija inachotsedwa pamndandanda poti mnzake wa chinthu chothamanga makilomita 61 pa sekondi, ngati awiriwo akulemera mofanana, naye ayenera kuthamanga chimodzimodzi, pomwe iyo inali duu. Chinatsala ndi black hole, chinthu chofinyika kwambiri moti ngakhale kuwala sikuthawamo, chimene chimadziwika ndi kukoka kwake kokha. Nyenyezi ya Be inaikidwa kutali, ngati yachitatu yozungulira ziwirizo pa zaka zambiri.

Tiyenera kunena poyera kuti maganizo amenewa sanali achibwana. Sitepe iliyonse ikutsatira inzake bwinobwino. Koma nyumba yonseyi inakhala pa mwala umodzi, woti M₁ ndi 5.

Ntchito ya HR 6819 inali itaima kuyambira 2014, pamene mmodzi mwa oitsogolera, Stanislav Štefl, anamwalira pangozi ya galimoto. Inadzutsidwanso pambuyo pa nkhani ya nyenyezi ina yotchedwa LB-1, imene gulu la Jifeng Liu linalengeza mu Novembala 2019 kuti ili ndi black hole ya madzuwa 70. Spectrum ya LB-1 inali yofanana kwambiri ndi ya HR 6819, ndipo chimene chinagwetsa nkhani ya LB-1 ndi chomwe chinadzagwetsanso iyi.

Kugwedezeka kwa makilomita 4 pa sekondi

M'miyezi yotsatira, m'chaka chomwecho cha 2020, magulu atatu anabwerera ku ma spectrum omwe aja: Douglas Gies ndi Luqian Wang, gulu la Julia Bodensteiner wa ku yunivesite ya KU Leuven ku Belgium, komanso Kareem El-Badry ndi Eliot Quataert. Onse anapeza kuti nyenyezi ya Be sinaime ayi. Ikugwedezeka pang'ono, makilomita 4 kapena kuposerapo pang'ono pa sekondi, pa masiku 40 omwewo, ndipo yothamanga ikamabwera iyo imachoka.

Chinabisa kugwedezekaku n'chiyani? Choyamba ndi kuchepa kwake. Makilomita 4 pa sekondi amasuntha mzere wa 656.3 nm ndi 0.009 nm yokha, zomwe sizikufika ngakhale pa makilomita 6 aja a FEROS. Chachiwiri ndi kufufuma kwa mizere. Nyenyezi ya Be imapota pa makilomita pafupifupi 180 pa sekondi monga tikuionera kuno: mbali ina ikubwera, ina ikuchoka, ndiye mzere wake wakuda umakhala wotambalala ndi wosazama, ngati chithaphwi. Kupeza pakati penipeni pa chithaphwi chotere, pomwe mzere wakuthwa wa inzake ukuyendayenda momwemo, sikutheka ndi diso.

Palinso msampha wina umene ukufunika kuufotokoza mofatsa, chifukwa umakola mbali zonse ziwiri. Mzere wakuda wa nyenyezi yothamanga umadutsa pamwamba pa mzere wowala wa chimbale. Ukakhala kumanja umadya mbali ya kumanja, ndipo pakati pa mzere wowalawo pamaoneka ngati pasendera kumanzere. Ukapita kumanzere zimatembenuka. Woyeza amaona kugwedezeka kumene kulibe, kotsutsana ndi nyenyezi yothamanga, ndendende mmene mnzake weniweni akanachitira. Madzuwa 70 a LB-1 anachokera pa kugwedezeka kwabodza kotereku. Choncho a Rivinius anali ndi chifukwa chomveka chokayikira makilomita 4 aja, ndipo amene anawapeza anayenera kuonetsa kuti achotsa kaye kuwala kwa yothamanga asanayeze.

Njira yochotsera ndi iyi. Mumasankha liwiro loyesera la nyenyezi ya Be, tinene makilomita 2 pa sekondi. Ma spectrum onse mumawasuntha kuti mizere ya yothamanga ikhale pamalo amodzi, n'kupeza avareji yake. Mizere ya inayo imafufutika chifukwa yabalalika. Avarejiyo mumaichotsa mu spectrum iliyonse, zotsalazo n'kuzisuntha molingana ndi liwiro loyesera lija, n'kupezanso avareji: imeneyo ndi spectrum ya Be yongoyambira. Mumaichotsa nayonso, kubwerera ku yoyamba, n'kumabwereza mpaka zitasiya kusintha. Pomaliza mumaphatikiza ziwirizo n'kuona kuti zasiyana bwanji ndi zimene telesikopu inajambula. Zonsezi mumazichitanso ndi liwiro la 0, la 1, la 3, la 4, mpaka kumtunda. Liwiro limene lasiya nyenyeswa zochepa kwambiri ndilo loona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu la Bodensteiner linapeza makilomita 4.0 pa sekondi, ndi chikayiko cha 0.8 mbali iliyonse, pomwe yothamanga linaiyeza pa 60.4.

Gawani 60.4 ndi 4.0, mupeza 15. Nyenyezi ziwiri zozungulirana zili ngati katundu womangidwa kunsonga ziwiri za mtengo: thumba la chimanga la makilogalamu 50 uku, mapaketi atatu a shuga uko. Pogwirira mtengowo kuti usapendekeke pamakhala pafupi ndi thumba, ndipo mukauzunguza, shuga amazungulira mtunda wautali pomwe thumba limangogwedezeka. Yothamanga ndiyo yopepuka, maulendo 15. Ngati ya Be ili ndi madzuwa 6, yothamanga ili ndi 0.4 basi, osati 5. Ikani manambala amenewa mu mass function ija, mupeza kuti i ndi madigiri pafupifupi 35, ndipo zonse zikukwanirana popanda chinthu chachitatu.

Pali njira yachiwiri, yosadalira liwiro, yotsimikizira kupepukaku. Spectrum ya yothamanga italekanitsidwa, mizere yake ya haidrojeni inasonyeza kutentha kwa makelvin 16,000 ndi mphamvu yokoka ya pamwamba pake ya mamita pafupifupi 6.3 pa sekondi pa sekondi. Pa dziko lathu ndi 9.8, pa dzuwa ndi 274. Kukula kwake kumapezeka kuchokera pa mtunda, kuwala ndi kutentha, ndipo ndi kuwirikiza dzuwa pafupifupi 4.4. Kulemera ndi mphamvu yokoka kuchulukitsa ndi kukula kawiri: 6.3 ÷ 274 × 4.4 × 4.4, yankho 0.45. Pamene kuwala kwa ziwirizi kunali kosakanikirana, mapiko otambalala a mizere ya Be ankachititsa yothamanga kuoneka ngati ili ndi mphamvu yokoka yaikulu kuposa imene ili nayo.

Nyenyezi yosendedwa

Zingatheke bwanji kuti nyenyezi yosafika theka la dzuwa iwale ngati ya madzuwa 5? Yankho lili m'mbiri ya awiriwa. Yothamanga ndiyo inabadwa yolemera. Yolemera imakalamba msanga, ndipo haidrojeni wa pakati pake atatha inafufuma mpaka kufika pamene kukoka kwa inzake kunaposa kwake. Mpweya wake wa kunja unayamba kukhuthukira kwa inzakeyo. Wolandirayo ananenepa, ndipo popeza mpweyawo unkafika mozungulira, unamupotetsa mpaka kukhala nyenyezi ya Be. Wopereka anasendedwa ngati chinangwa, n'kutsala phata la hiliyamu lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka haidrojeni. Kachikopako kakadali kofufuma, n'chifukwa chake kunja ikuoneka ngati B3 III. Ikunyala pang'onopang'ono, ndipo idzasanduka kanyenyezi kakang'ono kotentha kwambiri, kovuta kukaona pafupi ndi inzake yowala.

Mabuku sananame. Kulemera kumene amapereka ndi kwa nyenyezi zimene zakula zokha, popanda wozilanda kapena wozipatsa. Nyenyezi ya njira ya masiku 40, yokhala ndi ya Be pambali pake, sinakule yokha, ndipo zimenezi zinayenera kukhala chenjezo kuyambira pachiyambi. Chenjezo lina linali kupota kwake pang'onopang'ono, kumene kumaonekera pa kupyapyala kwa mizere: nyenyezi zambiri za mtundu wa B zimapota mofulumira, koma yongosendedwa kumene imataya kupota kwake limodzi ndi mpweya umene yapereka.

Komabe gulu loyamba linali ndi poimira. Nyengo ya kufufumayi ndi yaifupi poyerekeza ndi moyo wonse wa nyenyezi, ndiye kuipeza ili pomwepo ndi mwayi waukulu. Njira yolekanitsa ija imafunanso kuti munthu anene yekha gawo la kuwala la nyenyezi iliyonse, ndipo nyenyeswa za liwiro la 4 sizisiyana kwambiri ndi za liwiro la 2. Ma spectrum a 1999 ndi 2004 anali atafinyidwa mpaka kuuma. Mkangano sukanatha ndi iwo.

Kuyeza kumene kunathetsa nkhani

Magulu a Rivinius ndi Bodensteiner anagwirizana kupempha nthawi ya telesikopu limodzi, ntchitoyo n'kutsogoleredwa ndi Abigail Frost. Chimene anachita bwino kwambiri, m'kuona kwathu, ndi kugwirizana asanayeze kuti chotsatira chiti chidzapha ganizo liti. Onse ankavomereza kuti zowala ndi ziwiri. Ankasiyana pa mtunda wa pakati pa ziwirizo. Ngati zili zitatu, ya Be iyenera kukhala kutali ndi yothamanga, osasintha malo pa masabata ochepa. Ngati zili ziwiri, ziyenera kukhala moyandikana kwambiri n'kumazungulirana masiku 40 alionse.

Kuyandikanako kumawerengeka ndi lamulo lachitatu la Kepler. Masiku 40.33 ndi zaka 0.11. Chulukitsani 0.11 ndi 0.11 ndi madzuwa 6.4, mutenge cube root: mupeza pafupifupi 0.4 ya mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa. Kuonera kuno, mpata umenewo ndi 1 mas ndi pang'ono, pomwe 1 mas ndi gawo limodzi la digiri itagawidwa magawo 3,600,000. Zili ngati kuima pa phiri la Ndirande n'kuona kanjere ka mpiru kali ku Lilongwe, makilomita 240 molunjika.

Mu 2021 anagwiritsa ntchito zipangizo ziwiri ku Paranal, ku Chile komweko. Chipangizo cha MUSE, pa telesikopu ya mamita 8.2, chinafunafuna nyenyezi yowala patali ndi yapakatiyo, sichinaipeze. Chipangizo cha GRAVITY chimaphatikiza kuwala kwa matelesikopu anayi otalikirana mpaka mamita oposa 100, pa kuwala kwa infrared kwa pafupi ndi 2,200 nm, kuti agwire ntchito ngati galasi limodzi lalikulu. Sichijambula chithunzi wamba. Chimayeza mmene mafunde a kuwala ochokera ku matelesikopu osiyana akulimbitsirana kapena kufafanizirana, ndipo nyenyezi ziwiri zimasiya chizindikiro chosiyana ndi cha imodzi. GRAVITY inapeza zowala ziwiri zotalikirana pafupifupi 1 mas, ndipo itayang'ananso patapita masabata angapo zinali zitasintha malo mogwirizana ndi njira ya masiku 40. Ganizo la black hole linathera pomwepo, ndipo a Rivinius ndi anzawo anali m'gulu la olemba zotsatirazo.

Nkhani ya nambala yotengedwa m'mabuku sinathere pomwepo. Madzuwa 6 a nyenyezi ya Be aja nawonso anachokera pa maonekedwe a spectrum. GRAVITY itatsata njira yonse yozungulira, gulu la Robert Klement linafalitsa mu 2025 kulemera kopezeka ndi kayendedwe kokha: ya Be pafupifupi madzuwa 4, yosendedwa pafupifupi 0.27. Kusiyana kwa maulendo 15 kunakhalabe, koma zonse ziwiri zinapepuka.

Poyerekeza, black hole yotchedwa Gaia BH1, imene inalengezedwa mu 2022 m'gulu la nyenyezi la Ophiuchus, ili pa maziko ena. Nyenyezi yooneka ndi imodzi yokha, yonga dzuwa lathu, ikuzungulira masiku 186, ndipo setilaiti ya Gaia inayeza kugwedezeka kwake kumwamba kuphatikiza pa liwiro la mu spectrum. Mass function yake payokha ndi yaikulu moti ngakhale nyenyeziyo muipepuze bwanji, chosaonekacho chimakhalabe cholemera kuposa neutron star. Pa HR 6819 mass function inali 0.96, nambala imene nyenyezi wamba ingathe kuikwaniritsa.

Kuiona ndi kuiyeza kuchokera ku Blantyre

Blantyre ili pa madigiri 15.8 kum'mwera kwa equator, ndipo HR 6819 ili pa madigiri 56 kum'mwera kwa thambo, choncho ikakwera kwambiri imafika madigiri 50 pamwamba pa dziko, molunjika kum'mwera. Kumapeto kwa Juni imafika pamenepo pakati pa usiku, kumayambiriro kwa Ogasiti cha m'ma 9 koloko. Kuwala kwake ndi magnitude 5.4, pafupi ndi malire a diso la munthu, ndiye pakati pa magetsi a ku Limbe kapena Ginnery Corner simungaione. Tulukani m'tauni, musankhe malo oti mzindawo ukhale kumbuyo kwanu, usiku wopanda mwezi. Chiperoni chimatseka thambo masiku ena m'miyezi yozizirayi, ndipo kuyambira kumapeto kwa Ogasiti utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimayamba kumeza nyenyezi zofooka.

Yang'anani kum'mwera, mupeze mchira wa Scorpius, gulu looneka ngati chinkhanira. Kuchokera pansi pa mchirawo tsikani chibakera chimodzi ndi pang'ono, mkono utatambasuka, mupeza nyenyezi ziwiri zoyandikana, Beta ndi Gamma Arae. HR 6819 ili madigiri 7 kumanzere kwa ziwirizo, pamzere wopita ku nyenyezi yowala ya Peacock. Madigiri 7 ndi pafupifupi kukula kwa malo amene mabainokyula a 7×50 amaonetsa nthawi imodzi.

Amene ali ndi telesikopu yaing'ono ndi chipangizo cha spectrum angathe kuona mzere wowala wa chimbale pa 656.3 nm mosavuta. Kuyeza makilomita 61 pa sekondi kumafuna zambiri. Pa mzere wa hiliyamu wa 447.1 nm kusunthako ndi 0.09 nm, ndiye pamafunika chipangizo chosiyanitsa gawo limodzi mwa 10,000 kapena kuposa, ndi nyale yoyezera yojambulidwa musanayambe ndi mukamaliza, chifukwa usiku wa Julayi ukamazizira chitsulo cha chipangizocho chimanyala n'kusuntha mizere. Pamafunika maulendo awiri athunthu, masiku osachepera 81, kuti nthawi ya masiku 40 itsimikizike. Kuyambira Juni mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala kumakwanira. Chimene oyamba kumene amaiwala kawirikawiri ndi kuyenda kwa dziko lathu lomwe. Dziko limazungulira dzuwa pa makilomita 30 pa sekondi, ndipo kumbali ya HR 6819 izi zimawonjezera kapena kuchotsa mpaka makilomita 25 pa sekondi, malingana ndi nyengo ya chaka. M'masiku 81 ozungulira kumapeto kwa Juni, kusinthako kumaposa makilomita 30 pa sekondi, theka la chimene mukufuna kuyeza. Lembani tsiku ndi nthawi ya chithunzi chilichonse mu UT, yomwe ndi nthawi yathu kuchotsa maola awiri, ndipo muchotse liwiro la dziko pa spectrum iliyonse musanajambule girafu.